Mgolo Wosaphwa wa ku Chigumula

Amayi anga anagwa mwezi wa Julaye, chiperoni, nyengo yathu ija ya chifunga ndi kamvula kozizira, chili pakati. Ankachokera kuseri kwa nyumba kumene anakathyola nandolo, phazi linaterera m'matope, bondo n'kukamenya pamwala wa pakhonde. Fupa silinathyoke, koma bondolo linatupa ngati papaya, moti ngakhale kupita kuchimbudzi kunkafuna munthu wowagwira mkono. Nthawi imeneyo n'kuti bambo atamwalira kale. Amayi ankakhala okha m'nyumba yawo ku Chigumula, kumbuyo kuli tizipinda ta anthu a lendi ndi kamunda ka chimanga. Ine ndinkakhala ku Kanjedza ndi banja langa, n'kumagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe.

Nkhani itafika kwa achimwene anga ku Lilongwe, anagamula pafoni pomwepo kuti amayi asamuke, akakhale kwa iwo, m'nyumba ya matailosi, ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Achimwene angawo ndi munthu woti akanena chinthu amaona ngati chachitika kale. Amayi anakana. Anati makolo awo anayenda wapansi kuchokera ku Mozambiki, kudzera kuseri kwa phiri la Mulanje, n'kudzathera mphamvu m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo kusamuka kwa banja lathu kunakwanira pamenepo. Iwo ulendo umene unawatsalira unali umodzi wokha, wa kumanda kumene kuli bambo, ndipo ndi wapafupi. Za kuzizira anati asawauze, chifukwa chiperoni ndi mphepo yochokera kwawo kwa makolo awo, imangobwera kudzawazonda.

Achimwene sanatsutse. Anangoti atumiza akazi awo adzasamale amayi kwa masiku angapo, ndipo akaona mmene zinthu zilili tidzakambirana. Tonse tinamva tanthauzo lake. Alamu anga ankabwera kudzayendera, ndipo zimene akanakanena kwa amuna awo ndi zimene zikanagamula ngati amayi atsale kapena apite.

Alamu angawo ndi mbadwa ya ku Lilongwe, munthu waukhondo woopsa, woti akalowa m'nyumba maso amayamba ayendera m'makona asanakupatse moni. Si munthu woipa, ayi. Kungoti chimene chili mumtima sachedwa nacho. Ku Blantyre anali atabwerako paukwati wawo ndi pamaliro a bambo basi, ndipo maulendo onsewo kunali dzuwa.

Ndinapempha tchuthi kuntchito n'kukawachingamira kudepoti m'tauni. Anatsika basi atavala bulauzi yopyapyala ndi nsapato zoonetsa zala, kunja kukuwaza kamvula kathu kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Tisanakwere n'komwe minibasi anali atayamba kale. Misewu yathu akuti ndi yopapatiza ngati tinjira ta kudimba. Nyumba za m'tauni akuti zinaona penti komaliza azungu asanachoke. Titawoloka mtsinje anatseka mphuno ndi mpango. Titafika ku Limbe n'kuona mavenda, mawilibala ndi maminibasi zikulimbirana msewu umodzi, anandifunsa ngati malo athyathyathya anasowa kuti anthu amange mzinda pazitunda chonchi. Kondakitala anandiyang'ana, kudikira kuti ndiyankhe. Ine ndinaluma mlomo. Ndinkadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa, amayi ulendo wa ku Lilongwe wapsa.

Kwathu tinapeza anansi atabwera kudzalonjera mlendo. Wamkulu wa onse anali mayi wina wachisilamu wogulitsa kaunjika ku Limbe, amene nyumba yake ili kumtunda kwa yathu, ndipo anakhala moyandikana ndi amayi kuyambira ine ndili kusukulu. Ife timangowatchula kuti amayi a kumtunda. Amuna awo ali ndi minibasi yawoyawo, ndipo dera lonse limawatchula kuti a dalaivala. Malonje anayenda bwino, alamu anagwada, anapereka shuga ndi buledi, anawagwira amayi bondo mwachifundo ndithu. Kenako anatuluka kukaimba foni kuseri kwa nyumba, poti m'nyumba mwa amayi foni simveka bwino. Sankadziwa kuti kuseri kwa mpanda wa udzu umene anaimapo n'kumene kuli khonde la amayi a kumtunda, ndipo azimayi onse aja anali atakhala pomwepo akusenda nandolo.

"Kuno si kokhala munthu, bambo a ana," anatero alamu. "Kuzizira, matope, chifunga, kaya dzuwa adaliona liti anthu amenewa. Blantyre idatha, yangotsala mbiri. Ndikangopeza kuti madzinso ndi ovuta, amayi ndibwera nawo ndithu."

Ine ndinali pakhomo la khichini, ndinamva zonse. Ndinamvanso kuti kuseri kwa mpanda nandolo wasiya kugwera m'lichero. Ndipo mpopi wa panja pa amayi unali utauma dzulo lake, kuuma kuja koti ukatsegula umangopuma mpweya.

Tsono ndikuuzeni za ife anthu a ku Blantyre. Palibe amene amaunyoza mzinda uno kuposa eni akefe. Kwerani minibasi m'mawa mumve. Timayamba ndi maenje a mumsewu, tipite ku zinyalala, tifike ku madzi ndi magetsi, pofika m'tauni tagwirizana tonse kuti kuno kunatha kalekale. Amayi a kumtunda omwewo sipankadutsa tsiku osanena kuti Chigumula ndi malo oyenera achule. A dalaivala dzenje lililonse la pamsewu wa ku Thyolo ankalitukwana palokhapalokha ngati munthu amene anayambana naye. Koma mwana wako ukhoza kumunena wekha kuti ndi wamamina, mnzako akanena zomwezo ndi ndewu. Mawu a alamu anga analibe bodza ngakhale limodzi, ndipo n'chifukwa chake anatiwawa kwambiri.

Madzulo omwewo amayi a kumtunda anandikodola. M'khichini mwawo ndinapeza azimayi awiri a lendi a kwa amayi, a dalaivala ataima pakhomo, nkhope zonse zili ndwii. Amayi a kumtunda anati akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, koma mlendoyu wasiya mlomo tsiku lofika lomwe. Wina mwa a lendi aja anati timuuze maso ndi maso kuti kwawoko ndi mudzi waukulu chabe, wa fumbi, malo ake opanda mayina, ongotchulidwa manambala ngati ndende. A dalaivala anawonjezera kuti pamene Blantyre inkayaka magetsi mumsewu, afisi ankalira pamene pali maofesi awowo lero. Tinaseka, mitima inatsikako. Koma ine ndinawakumbutsa kuti tikamuyankha mwano, amene alipire ndi amayi.

Apa m'pamene amayi a kumtunda anatulutsa nzeru ija. Mlendo wanena yekha kuti chimene chigamule mlandu ndi madzi. Ndiye asawapeze ovuta. Kuseri kwa khichini ya amayi kunali mgolo waukulu wabuluu, ndipo mgolo umenewo usaphwe mpaka mlendo atakwera basi. Tidzamuuza kuti kuno madzi amabwera masana, kanthawi kochepa koma tsiku ndi tsiku. Masanawo a dalaivala azimutenga kukamuonetsa tauni, aone kuti Blantyre si matope okha, ife n'kumatsetserekera kumjigo wa kudambo. Mlendo ndi mame, anatero, sachedwa kukamuka.

Ndinapita kukawanong'oneza amayi, ndili ndi mantha kuti munthu wa kutchalitchi ngati iwo akana. Anamvetsera maso ali kudenga, kenako anati iwo ndi wodwala, sanamve kanthu. M'mawa mwake ndinangomva akuitana alamu kuti, apongozi, mankhwala opaka amene ndili nawowa sakundithandiza, mukandifunire ena m'tauni, a dalaivala akuperekezani.

Ulendo woyambawo ndinapita nawo, kuwasiyira anzanga zotunga. A dalaivala anatsitsa anthu ku Limbe, anamuuza kondakitala kuti akapume, anapukuta mpando wakutsogolo n'kuwakhazika alamu ngati nduna. Anasankha misewu ya maenje ochepa, zimene zinachititsa kuti tizungulire kwambiri. Anawaonetsa tchalitchi chakale cha njerwa chimene anamanga amishoni, n'kumachinyadira ngati njerwa zake anaumba ndi iwo, munthu wa kumzikiti. Anawaonetsa nyumba zosanja, mabanki, mitengo ya m'mbali mwa msewu. Anafuna kuwaonetsa mapiri athu, Ndirande, Soche ndi Michiru, koma chifunga chinali chitameza onse. Sanagwe mphwayi. Pobwerera anapitirira siteji yathu, kulunjika cha ku Bvumbwe, n'kukaima pamtunda pena pamene kukayera munthu amaona kutali. Tinatsika. Kutsogolo kwathu kunali mbuu, moti ngakhale mbuzi imene inkalira chapafupi sitinkaiona. A dalaivala anatambasula mkono.

"Apo, mayi, pali phiri la Mulanje. Likaoneka limakongola zedi."

Alamu anayang'ana chifungacho mwaulemu, mano akugundana, n'kuyankha kuti akhulupirira.

Titafika kunyumba mgolo unali wodzaza mpaka pakamwa. Wina anali atathiranso madzi pansi pa mpopi kuti pazioneka ngati pangotsekedwa kumene, ngati kuti mu chiperoni pali malo ouma. Alamu anasuzumira mumgolo, anagwedeza mutu n'kunena kuti bola madzi alipo. Ine mtima unakhala m'malo. Ndinkaona ngati tapambana, osadziwa kuti mawu amenewo ndiwo chiyambi cha mavuto athu.

Munthu waukhondo ukamupatsa madzi wamupatsa ntchito. Tsiku lomwelo alamu anakolopa nyumba yonse, anatsuka mawindo, anakwecha makoma a m'khichini amene utsi unawadetsa ine ndisanakwatiwe. Pofika madzulo mgolo unali gwaa. Mawa lake anachotsa makatani onse. Linalo anatsegula masutikesi n'kutulutsa mabulangete, ngakhale aja amene sanafundidwepo chimwalirire bambo. Abale inu, ndani ku Blantyre amachapa bulangete mu chiperoni? Mwana wa sitandade wani amadziwa kuti zimenezo zimadikira mphepo ya Ogasiti ndi dzuwa la Sepitembala. Ndinayesa kuwauza mwaulemu. Anati uve sudikira dzuwa, ndipo poti madzi amabwera tsiku lililonse, vuto lili pati? Bodza lathu lomwe linali litatitembenukira.

Mjigo uli kumunsi kwenikweni, kudambo. Popita umatsetsereka chidebe chili m'manja, pobwera umakwera chitunda cha dothi lofiira loterera ngati therere, ndowa ili pamutu. Poti dera lonse mipopi inali itauma, pamjigo pankakhala mzere wautali. Koma nkhani siichedwa ku Chigumula. Tsiku lachiwiri tinangomva wina akunena kuti awa ndi aja a mlendo wa ku Lilongwe, apatseni mpata. Anthu anasuntha zigubu zawo popanda wodandaula. Ena amene sitinkapatsana nawo moni n'komwe anayamba kumabwera okha ndi ndowa imodziimodzi, kuthira mumgolo n'kumapita. Kunabweranso mayi wina amene anayambana ndi amayi zaka zambiri chifukwa cha nkhuku zake zimene zinkafukula chimanga. Anakhuthula chigubu chake osandiyang'ana, n'kunena kuti ndisaganize kuti akutungira amayi anga, akutungira Chigumula.

Amayi nawo ntchito yawo ankaigwira bwino. Tsiku lililonse ankapeza chowatumira apongozi awo. Lero usipa wa mumsika wa Limbe, wa kwina umawawa. Mawa ulusi wa mtundu wakutiwakuti. Mkuja mankhwala ena opaka, aja a dzana achepa mphamvu. A dalaivala ankataya makasitomala a masana osadandaula, ndipo madzulo ankabwera kudzatiuza zimene mlendo wanena. Sizinkasintha. Kumsika akuti kothina, m'tauni akuti mokalamba, ndipo phiri linali lisanaonekebe.

Makosi athu anayamba kuuma. Ine ndinkagona ndi mutu ukugunda, mapewa ngati andimenya ndi musi. Amene ankandidetsa nkhawa anali amayi a kumtunda, chifukwa ali ndi mphumu, ndipo kukazizira chifuwa chawo chimalira ngati wezulo. Anasiya kupita ku kaunjika kwawo chifukwa cha mgolo wathu. Ndinawapempha kuti apume, atisiyire ife ana. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kunena kuti mlendoyo achape ndithu, tione chimene chiyambe kutopa, manja ake kapena makosi athu. Pamenepo n'kuti zingwe zonse za panja zitadzaza mabulangete, ena tayanika pampanda, onse akudontha, ndipo ena atayamba kununkha chuku.

Chinatigwetsa ndi Lachisanu. Tsiku limenelo a dalaivala samaphonya mapemphero a masana kumzikiti, zivute zitani. Tinapangana kuti akawasiye alamu ku Limbe azikafunafuna mankhwala ena amene amayi anatchula, amene tonse tinkakhulupirira kuti sapezeka, adzawatenge akatuluka kumzikiti. Tsoka ilo, mankhwalawo anapezeka m'sitolo yoyamba yomwe. Alamu anati palibe chodikira, akufuna akatembenuze mabulangete. A dalaivala anayesa kuzengereza, nthawi ikuwathera, mapeto ake anadzawatsitsa pasiteji n'kuthamangira kokapemphera, akudzilimbitsa mtima kuti mwina tamaliza kale. Alamu anali atayamba kuzidziwa njira. Anadzera yachidule, imene imadutsana ndi ya kudambo.

Ine ndinali patsogolo. Kumbuyo kwanga kunali azimayi a lendi, mayi wa nkhuku uja ndi ena angapo, tonse ndowa pamutu, matope mpaka m'mawondo. Amayi a kumtunda anali atakhala pamwala m'mbali mwa njira, ndowa atatula, akulimbana ndi mpweya. Nditakweza maso ndinangoona alamu ataima kutsogolo kwanga, kajumbo ka mankhwala kali m'manja. Munthu wosenza ndowa sangazolike. Manyazi onse ndinawalandira khosi lili chilili.

"Alamu, madzi awa akupita kuti?" anandifunsa.

Kunkamveka chifuwa cha amayi a kumtunda. Atapeza mpweya, anayankha ndi iwo.

"Akupita ku mabulangete anu, mayi. Mpopi unauma inu musanafike. Munanena kuti kuno si kokhala munthu, ife takhala kuno mpaka imvi. Munanenanso kuti mukapeza madzi ovuta mumutenga mnzanga. Ndiye tinati musawapeze ovuta."

Alamu anatiyang'ana mmodzimmodzi, anayang'ana chitunda chimene tinakwera, anayang'ananso miyendo yathu. Kenako anapereka kajumbo kaja kwa amayi a kumtunda, ananyamula ndowa yawo ndi dzanja, n'kuyamba kukwera, madzi akukhavukira pasiketi. Tinawatsatira chete ngati tikuchokera kumanda. Ine ndinkalira mumtima. Ndinkadziwa kuti zatha, chifukwa tsopano anali ataona zonse ziwiri, kuti madzi kulibe ndiponso kuti tinawapusitsa. Ndinayamba kuganiza za mmene ndidzalongedzere katundu wa amayi.

Atafika anakhuthula ndowa ija mumgolo, anaima pang'ono pakati pa mabulangete awo, kenako analowa kuchipinda kwa amayi. Ine ndinaima pakhomo, nkhata ili m'manja. Ndinawamva akufunsa ngati amayinso ankadziwa. Amayi anakweza pilo. Pansi pake panali timabotolo ta mankhwala opaka tili mbwee, tosatsegula n'komwe.

"Apongozi, kwanu kuli matailosi, ndamva," anatero amayi. "Koma tsiku limene ndinagwa, ndisanayambe n'kulira komwe, anthu anali atafika kale kudzandinyamula. Kwanuko ndikadzagwa inu muli kuntchito, geti lili chitsekere, adzandimva ndani?"

Alamu anakhala m'chipindamo nthawi yaitali, akuwasisita amayi bondo ndi mankhwala atsopano aja.

Dzuwa likanakhala kuti linkaoneka, bwenzi ndikuti linali litapendeka pamene anatuluka ndi foni. Anakaima malo omwe aja, pafupi ndi mpanda wa udzu. Ulendo uno ankadziwa bwino amene ali kuseri kwake, ndipo anakweza mawu dala.

"Bambo a ana, zonse ndidakuuzani zija ndi zoona, ndipo ndidachepetsa. Madzi kulibe. Matope ndi omwe aja. Dzuwa sindidalione chibwerere. Anthu akenso ndi abodza, kuyambira amayi anu mpaka woyendetsa minibasi."

Ine ndinati basi zatha, koma iwo anapitiriza.

"Koma amayi sindibwera nawo. Ife kwathuko tilibe chowapatsa choposa chimene ali nacho kuno. Ngati mukufuna kuthandiza, gulani thanki."

Achimwene ayenera kuti anayamba kutsutsa, chifukwa alamu anangoti munandituma kudzaona, ndaona, n'kudula foni. Ine ndinakhala pansi pakhomo la khichini pomwepo n'kulira ngati mwana, kulira kwa chimwemwe ndi kutopa pamodzi. Kuseri kwa mpanda ndinamva amayi a kumtunda akuuza anzawo kuti mawu akuti abodzawo sanawakonde, koma awalandira.

M'mawa mwake alamu anadzuka n'kupempha chitenje chakale ndi nkhata. Tinawaletsa, anakana. Kutsetsereka kokha anagwa chagada, matako onse dothi lofiira. Pokwera theka la madzi linathera pamsana. Ndipo njira yonse pakamwa sipanatseke. Ananyoza chitunda, ananyoza dothi, ananyoza chifunga, ananyoza ndi makolo athu amene anadutsa malo onse abwino n'kudzasankha pano. Mmodzi wa azimayi a lendi aja anayamba kufufuma, ndipo ndinaona kuti akufuna kuyankha. Amayi a kumtunda anamugwira mkono.

"Asiyeni anene. Atunga."

Anakhala nafe mpaka amayi atayamba kuyenda ndi ndodo, akutunga tsiku lililonse ndi kunyoza tsiku lililonse. Madzi anabwerera kumpopi iwo atapita kale. Mabulangete aja sanaume bwino, ndinachita kudzawachapanso ndekha mu Sepitembala. Thanki achimwene anagula, lalikulu lobiriwira, koma thanki limadzaza pokhapokha madzi akabwera, choncho mgolo wabuluu sunapume pantchito. Alamu anayamba kumabwera chaka chilichonse, ndipo ankati akatsika basi, moni wawo woyamba unali kundifunsa ngati mzinda wathu wokalambawu sunagwebe.

Amayi anakhala m'nyumba yawo zaka zina zingapo, akulima chimanga chawo ndi nandolo, akukangana ndi nkhuku za eni. Anamwalira m'chipinda chawo chomwecho, mwezi wa Meyi, amayi a kumtunda atawagwira dzanja. Ulendo wawo unali wapafupi monga ankafunira. Tsiku loika maliro kunja kunayera mochititsa chidwi. Tikuchokera kumanda, a dalaivala, amene ananyamula anamfedwa m'minibasi yawo, anaima pamtunda paja osauzidwa ndi munthu. Phiri la Mulanje linali poyera, lonse lathunthu, labuluu. Anatembenukira kwa alamu n'kunena chapansipansi kuti lija ndinkanena lija ndi limenelo. Alamu analiyang'ana misozi ikutsika, n'kuvomera kuti lilipodi.

Maliro amadya madzi. Pofika m'mawa mwake thanki linali litaphwa, mpopi ukupuma mpweya monga mwa masiku onse, ndipo miphika ndi mbale zili mulu kuseri. Alamu ndi amene anayamba kumanga chitenje n'kutsogolera mzere wa kudambo. Tikubwera ulendo woyamba, tinapeza mng'ono wawo, amene anabwera ndi anthu a ku Lilongwe kudzatipepesa, ataima pakhonde ndi kapu ya tiyi. Anayang'ana chitunda, anayang'ana mpopi wouma, n'kufunsa mokweza kuti koma anthu amakhala bwanji malo ngati ano.

Azimayi a ku Chigumula tonse tinaima. Koma sitinapeze mpata woyankha. Alamu, ndowa ili pamutu, anatembenuka thupi lonse kuti ayang'anizane naye.

"Iwe, watungapo kangati kuno? Tenga chigubu icho, apo ayi utseke pakamwa."

Mtsikanayo anaika kapu pansi n'kutenga chigubu. Alamu anakhuthula ndowa yawo mumgolo, anakonza nkhata, n'kuyambanso kutsetsereka, akudandaula kuti chitunda chimenechi chidzapha anthu.